Mafunso a pa intaneti a kafukufuku wa khansa ya m'mawere: ndiyankhe kapena ndisiye?

Mayi wina amene amakhala ku UK watilembera motere:

"Adokotala, ndili ndi zaka 44, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leicester. Akulu anga anamwalira kumudzi ku Ntcheu zaka zitatu zapitazo ndi khansa ya m'mawere. Anawapeza nayo ali ndi zaka 38, koma anafika kuchipatala bere litachita kale chilonda. Sabata yatha mnzanga waponya linki pa gulu lathu la amayi a mpingo la pa WhatsApp, akuti tiyankhe mafunso a zaumoyo kuti tithandize kafukufuku wa khansa. Nditatsegula ndinapeza mafunso ochititsa manyazi: ndinatha msinkhu liti, ndapitapo padera kangati, ndimamwa mowa kapena ayi. Ndinatseka. Mtima wina ukuti ndiyankhe chifukwa cha malemu, wina ukuti anthu amenewa akufuna kutigulitsa. Kodi zimathandizadi? Nanga ndikayankha adzandiuza ngati ndili bwino? Ndikufunsa chifukwa kubere lakumanzere ndimamva kambulu, sikapweteka, kathapo miyezi iwiri."

Mayi, pepani kwambiri ndi imfa ya akulu anu. Zaka zitatu si kale, ndipo kulira maliro uli kutali ndi kwanu ndi mtolo wina pawokha. Mwachita bwino kufunsa, ndipo mwachita bwinonso kutseka linkiyo pamene mtima unakayika. Palibe chimene mwalakwitsa.

Ndiyamba ndi mawu anu omalizawo, chifukwa ndi amene andigwira mtima. Mwawaika kumapeto monga amachitira odwala ambiri amene ndawaona pa zaka zonse zimene ndakhala m'chipinda choonera odwala. Mayi amafotokoza za mutu, za msana, za kusowa tulo, ndimalemba mankhwala, iye n'kunyamula chikwama. Atagwira kale chitseko ndi pomwe amatembenuka n'kunena motsitsa mawu kuti, "Komanso adokotala, pali kanthu kena kubereku." Kanthu ka pachitsekoko ndiko kamakhala kamudzutsa m'mawa kuti abwere.

Fomu ya pa intaneti ilibe manja. Singakugwireni bere, singakujambuleni, ndipo kafukufuku wa mafunso sapangidwa kuti auze munthu mmodzi ngati ali ndi khansa kapena ayi. Ngakhale mutayankha mafunso onse bwinobwino, palibe amene adzakuimbireni foni za kambuluko. Choncho imbani kwa GP wanu, dokotala amene munalembetsako kudera kwanu, sabata ino. Malangizo amene madokotala a ku England amatsatira amati mayi wa zaka 30 kupita m'tsogolo amene ali ndi chotupa m'bere chosadziwika chiyambi chake atumizidwe mwachangu ku kiliniki ya mawere. Kumeneko amakugwirani, amakujambulani ndi makina a mammogram, nthawi zambiri amawonjezera sikani, ndipo akaona kuti n'kofunika amabaya singano atachititsa dzanzi pamalopo, n'kutengako kanyama kakang'ono kokayeza. Zambiri mwa izi zimatheka tsiku limodzi.

Mtima ukhale m'malo: zotupa zambiri za m'bere si khansa. Pa msinkhu wanuwu kawirikawiri timapeza timatumba ta madzi, kapena timbulu tolimba toterereka pansi pa chala timene sitivulaza. Koma kusapweteka si chizindikiro choti kanthuko n'kabwino. Khansa ya m'bere ikamayamba nthawi zambiri sipweteka, ndipo kusapweteka kumeneku ndiko kwanamiza amayi ambiri kwathu kuti adikire mpaka chilonda.

Mukakafika kwa GP musaiwale kutchula kuti akulu anu a bere limodzi anawapeza ndi khansayi ali ndi zaka 38. Nambala imeneyo ndi yofunika. Wachibale wapafupi akapezeka nayo asanafike zaka 40, GP ali ndi chifukwa chokutumizirani kwa akatswiri oona za matenda oyenda m'banja, amene angaone ngati muyenera kuyamba kujambulidwa msanga osadikira zaka 50 pamene NHS, nthambi ya boma ya zaumoyo ku UK, imayamba kuitana amayi, komanso ngati kuyeza majini a BRCA1 ndi BRCA2, amene timatengera kwa makolo ndipo akakhala ndi vuto amakweza chiopsezo cha khansayi, kungakhale kothandiza. Kukhala ndi mbale wapafupi mmodzi amene anadwala kumachulukitsa chiopsezo pafupifupi kawiri, komabe amayi ambiri otere amakalamba osadwala khansayi. Zonse ziwirizi ndi zoona, ndipo muzisunge pamodzi.

Tsopano za mafunsowo. Kodi amathandizadi? Ee, ndipo kwambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Zambiri zimene timaphunzitsa lero zokhudza zinthu zokweza kapena kutsitsa chiopsezo cha khansa ya m'mawere sizinatuluke m'botolo la mu labotale. Zinachokera kwa amayi wamba amene anakhala pansi ndi cholembera n'kuyankha mafunso ngati amene anakuchititsani manyaziwo.

Mu 1976 ofufuza a ku Harvard, ku America, anayamba kafukufuku wotchedwa Nurses' Health Study. Anamwino 121,700 anabweza mafomu pa positi, ndipo zaka ziwiri zilizonse ankalandira ena. Nzeru yake ndi iyi: umafunsa anthu ambirimbiri akadali bwino za moyo wawo, kenako umadikira. Pakapita zaka khumi kapena makumi awiri ena amadwala, ena ayi, ndiye umabwerera ku mafomu aja kukaona chimene chinkasiyanitsa magulu awiriwa. Mayi mmodzi sangakuuze kanthu, chifukwa tonse tikudziwa agogo amene ankamwa kachasu moyo wawo wonse koma anafika zaka 90. Amayi zikwi zana ndi amene amaonetsa njira imene matenda amadutsa. Ku UK komwe muliko, kafukufuku wa Million Women Study analemba amayi okwana 1.3 miliyoni pakati pa 1996 ndi 2001, ndipo zimene anatulutsa mu 2003 zinasintha mmene madokotala amaperekera mankhwala a mahomoni kwa amayi osiya kusamba. Palinso Generations Study, imene inayamba mu 2004 ndi amayi oposa 100,000, ndi cholinga chowatsatira zaka 40.

Mafunso ochititsa manyaziwo ali ndi chifukwa chake. Bere limamvera mahomoni a m'thupi la mkazi, makamaka estrogen. Mtsikana akatha msinkhu msanga n'kudzasiya kusamba mochedwa, bere lake limakhala litakumana ndi mahomoniwa zaka zambiri, ndipo chiopsezo chimakwerako pang'ono. N'chifukwa chake amafunsa za msambo woyamba, za msinkhu umene munabereka mwana woyamba, za njira zolera. Amafunsa za kuyamwitsa chifukwa mu 2002 ofufuza ataphatikiza makafukufuku 47 a m'mayiko 30 anapeza kuti miyezi 12 iliyonse imene mayi wayamwitsa imatsitsa chiopsezo ndi 4.3 peresenti. Amafunsa za mowa chifukwa mowa umakweza chiopsezo, ngakhale wa pang'ono koma wa tsiku ndi tsiku. Ndipo funso la kupita padera, limene ndikudziwa kuti limatsegula bala, linabala nkhani yotonthoza: mu 2004, ataunika pamodzi makafukufuku 53, anapeza kuti kupita padera sikuwonjezera chiopsezo cha khansa ya m'mawere. Ndakhala ndikuwauza mawu amenewa amayi amene ankadziimba mlandu kuti mimba imene inachoka ija ndiyo yawabweretsera matenda. Ndimatha kuwauza molimba mtima chifukwa amayi anzawo ena, kutali, analolera kuyankha funso lowawalo.

Intaneti yangosintha njira, ntchito ndi yomwe ija. Dokotala wa maopaleshoni wa ku America, malemu Susan Love, anayambitsa mu 2008 gulu la Army of Women, loti amayi azilembetsa pa intaneti kuti ofufuza asamavutike kupeza anthu, ndipo mu 2012 bungwe lake linatsegula Health of Women Study, kafukufuku woyankhidwa pa intaneti pokhapokha, wolandira odwala ndi osadwala omwe. Mundilole nditchulenso wina amene akufanana kwambiri ndi nkhani yanu, Sister Study, wa boma la America. Analemba amayi oposa 50,000 amene aliyense anali ndi mchemwali wake wodwalapo khansa ya m'mawere. Amayi zikwi makumi asanu anali ndi mtima womwe muli nawo inuwu, woti achitepo kanthu chifukwa cha m'bale wawo.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandipweteka pa makafukufuku akuluakuluwa, ndipo ndicho chifukwa chachikulu chimene ndingakulimbikitsireni kuyankha mukatsimikiza kuti linkiyo ndi yoona. Ambiri mwa amayi amene anayankha anali azungu. Zida zimene madokotala amawerengetsera chiopsezo cha mayi zinamangidwa makamaka pa mayankho awo. Komatu ku America ndi ku UK kwaoneka kuti amayi akuda amapezeka kawirikawiri ndi mtundu wovuta wa khansayi wotchedwa triple negative, umene sumva mankhwala a mahomoni, ndiponso ambiri amafika kuchipatala matenda atapita patali. Ofufuza a ku Boston University anaona mpata umenewu kale, n'kuyamba Black Women's Health Study mu 1995 ndi amayi 59,000. Koma mayi wobadwira ku Ntcheu, amene anakula ndi nsima ndi nyemba, anabereka ali wamng'ono, anayamwitsa zaka ziwiri mwana aliyense, kenako n'kusamukira kudziko lozizira kukagwira ntchito usiku, moyo wake sufanana ndi wa mayi wa ku Boston. Amayi ngati inu mukapanda kuyankha, ofufuza amangoyerekeza za ife pogwiritsa ntchito miyoyo ya anthu ena.

Kwathu kuno ku Africa, kafukufuku amene anatitsegula maso sanadalire intaneti koma foni wamba. Bungwe lofufuza za khansa la IARC, la pansi pa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, linatsatira amayi opezeka ndi khansa ya m'mawere ku Zambia, Namibia, Nigeria, South Africa ndi Uganda, kumawaimbira miyezi itatu iliyonse kufunsa za moyo wawo. Zotsatira zitatuluka mu 2020 zinaonetsa kuti pakutha pa zaka zitatu pafupifupi theka la amayiwo anali atamwalira, makamaka chifukwa chofika mochedwa ndi kusamaliza chithandizo. Nambala imeneyi ndi yowawa, koma ndi nambala zotere zimene zimapita patebulo la nduna pokapempha ndalama. Akulu anu ali m'gulu la amayi amene nkhani yawo ikufanana ndi imeneyo.

Ndisakubisireni kufooka kwake kwa mafunso a pa intaneti. Amafika kwa amene ali ndi foni yabwino, bandulo, Chingerezi ndi nthawi. Mayi wa kumudzi amene amabwereka foni kwa mlamu wake sadzawaona. Komanso anthu amaiwala, ena amadzikometsa, ndipo mafunso okha sangatsimikize kuti chakutichakuti ndicho chimayambitsa matenda, amangoloza kumene ofufuza ayenera kukakumba. Kafukufuku wabwino amadziwa zimenezi ndipo amazinena poyera.

Nanga mudziwa bwanji kuti linki ya mnzanuyo ndi yoona? Safunsa anadya phula, ndiye funsani. Kafukufuku weniweni sayamba ndi mafunso. Amayamba ndi tsamba lofotokoza kuti akuchita ndani, ndalama zachokera kuti, mayankho anu adzasungidwa kuti ndipo adzawaona ndani, kenako n'kukupemphani chilolezo. Pamakhala dzina la yunivesite kapena chipatala, dzina la mkulu wa kafukufukuyo, ndi imelo kapena foni yoti mufunsirepo. Pamakhalanso dzina la komiti yoteteza ufulu wa otenga nawo mbali imene inavomereza, pamodzi ndi nambala ya chilolezocho. Ku Malawi makomiti odziwika ndi NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo ndi komiti ya ku Kamuzu University of Health Sciences. Linki yanuyo ngati inakuponyerani pa funso la msambo musanawerenge chilichonse chotere, ine sindingapitirize.

Musadalire linki yokha. Lembani dzina la kafukufukuyo pa Google, muone ngati likupezeka pa tsamba la yunivesite kapena bungwe limene akutchulalo. Ma adiresi a mayunivesite a ku UK amathera ndi ac.uk, a zaumoyo ndi nhs.uk. Njira yosavuta kwa inu ndi kuyambira pa tsamba la Be Part of Research, la bungwe la boma la NIHR, pamene pamakhala makafukufuku ovomerezeka amene akufuna anthu. Palinso Our Future Health, umene ukufuna kulemba akuluakulu 5 miliyoni okhala ku UK. Umenewu sukuona za mawere okha, ukuona matenda ambiri kuphatikizapo khansa, ndipo umayamba ndi mafunso a pa intaneti kenako kupereka magazi pang'ono.

Kafukufuku woona angathe kukupemphani nambala yanu ya NHS kuti azitsatira mbiri yanu ya kuchipatala, koma amafotokoza chifukwa chake ndipo amapempha chilolezo. Chimene sangachite ndi kukulipiritsani, kufunsa nambala yachinsinsi ya kubanki, kapena kufuna chithunzi cha pasipoti ndi mapepala a viza. Kwa owerenga a kumudzi, ndi chimodzimodzi ndi PIN ya Airtel Money kapena Mpamba: wofufuza alibe nayo ntchito. Chenjeraninso ndi mafunso amene pamapeto pake amakuuzani kuti muli pa chiopsezo chachikulu, ndiye mugule tiyi kapena makapisozi oyeretsa thupi. Kumeneko ndi kutsatsa malonda pogwiritsa ntchito mantha a anthu oferedwa, ndipo kumandikwiyitsa. Mawu anu oti "akufuna kutigulitsa" si opanda pake, makampani osonkhanitsa mbiri za anthu n'kumazigulitsa kwa otsatsa malonda alipodi. Lamulo la ku UK loteteza zinsinsi za anthu limakupatsani ufulu wofunsa zimene bungwe likusunga zokhudza inu, ndipo pa kafukufuku aliyense muli ndi ufulu wosiya nthawi iliyonse popanda kupereka chifukwa. Chithandizo chanu cha kuchipatala sichisintha ngakhale pang'ono.

Mukasankha kuyankha, nenani zoona. Yankho lonama ndi loipa kuposa funso lolumphidwa, chifukwa limasokeretsa. Ngati mumamwako kapu ya vinyo Loweruka, lembani choncho, amayi a mpingo sadzaziona. Pa zaka zimene mwaiwala, musangolota nambala. Ndikukumbuka mayi wina amene ndinkamuthandiza kudzaza fomu pa benchi ya panja pa wodi. Nditamufunsa kuti anatha msinkhu ali ndi zaka zingati, anaseka n'kunena kuti zimenezo ndi zakale. Ndinamufunsa kuti anali kalasi yanji. Anakhala chete, akupotokola nsonga ya chitenje, kenako anati, "Sitandade 7, chaka cha njala chija, chifukwa azakhali anandilanga tikudya gaga." Tinawerengera kuchokera ku njala ya 2002, n'kupeza msinkhu wake. Inunso gwirani zinthu zotere: kalasi, maliro, chisankho, chaka chimene munasamuka. Pomwe zakanika, mafomu ambiri amakhala ndi malo oti simukukumbuka, ndipo ndi yankho lovomerezeka.

Mudziwiretu kuti pofika pa mafunso a achibale mudzalemba za akulu anu, msinkhu umene anadwalira ndi umene anamwalirira, m'timabokosi ting'onoting'ono. Zimenezi zimatha kugwetsa misozi mosayembekezera. Musayankhe pa basi kapena pa nthawi yopuma kuntchito. Sankhani tsiku limene muli panyumba, ndipo mukatopa siyani. Mukaona kuti chisoni chakubwererani mpaka kukusowetsani tulo kapena chilakolako cha chakudya kwa masabata, muuzeni GP yemweyo, kapena imbani ku Breast Cancer Now, kumene anamwino amayankha mafoni kwaulere ngakhale kwa achibale a odwala.

Pempho lina ndi loti mukayamba musasowe. Pa kafukufuku wina amene ndinagwirako ntchito, chimene chinatipweteka si amayi okana, koma amene anayamba bwino kenako n'kusintha nambala ya foni osatiuza. Tinali ndi chiyambi cha nkhani zawo popanda mathero, ndipo fomu yotere imathandiza pang'ono. Mukasintha imelo kapena nyumba, auzeni.

Ngati akulu anu anasiya ana aakazi, kapena muli ndi azing'ono anu kumudzi, iwowa ayenera kudziwa dzina lenileni la matenda amene anatenga mayi awo ndi msinkhu umene anadwalira. M'mabanja mwathu timakonda kunena kuti "anatupa" kapena "analodzedwa," ndipo mwana amakula osadziwa choti auze dokotala. Auzeni kuti azidziwa mawere awo mmene amakhalira masiku onse, ndipo akaona chotupa m'bere kapena m'khwapa, nsonga ya bere yolowa m'kati, magazi kapena madzi otuluka pamene sakuyamwitsa, khungu lochita timaenje ngati khoko la lalanje, kapena chilonda chosapola, apite kuchipatala chaching'ono chapafupi akapemphe kalata yopita kuchipatala cha boma. Kuchokera kumeneko njira imapita ku zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre. Akamapita kukayezetsa khomo la chiberekero, apemphe namwino awagwirenso mawere. Akapatsidwa mankhwala opha tizilombo kawiri koma chotupa osachoka, asavomere kachitatu, apemphe kutumizidwa. WHO inaika cholinga mu 2021 choti mayi adziwe zotsatira zake pasanathe masiku 60 kuchokera tsiku limene wafika koyamba kuchipatala, ndipo si mwano kufunsa kuti masikuwo afika pati. Abambo nawonso, ngakhale ndi ochepa kwambiri, amadwala khansa ya m'bere, choncho alongo anu asaseke akamva kambulu kuseri kwa nsonga ya bere.

Kwa inu Mayi, ndondomeko ya sabata ino ikhale yotere. Linki ija isiyeni kaye, ikhalapobe. Mawa m'mawa, foni ya kwa GP ikangotsegulidwa, imbani. Wolandira foni akafunsa vuto, musazungulire ndi manyazi a kwathu, nenani mawu awiri, "breast lump," muwonjezere kuti kathapo miyezi iwiri ndiponso kuti mchemwali wanu anapezeka ndi khansa ali ndi zaka 38. Ngati mukufuna dokotala wamkazi, nenani pomwepo, amalola. Tsiku la ku kiliniki valani siketi ndi bulauzi m'malo mwa diresi kuti kuvula kusavute, musadzole mankhwala a m'khwapa chifukwa amatha kusokoneza chithunzi, ndipo mutenge mnzanu amene anaponya linki uja akakhale nanu pa mzere. Zotsatira zikatuluka mundilemberenso, ndiye tidzaione limodzi linkiyo ngati ili yoyenera mayankho anu.